Mawu Anga Atandibwerera pa Maliro a Wezi

Monile mose. Ndiyankhula m'Chichewa chifukwa ndaona kuti muno muli anzathu ochokera kumwera amene Chitumbuka chimawadutsa. Chichewa changa n'cha m'kalasi, ndiye pomwe lilime laterereka mundikhululukire.

Ine ndine NyaChirwa, mphunzitsi wa pulayimale ku Vinthukutu. Ena mwa inu nkhope yanga simunaionepo, koma mawu anga munawawerengapo pa foni kapena kuwamva pa wailesi. Ndine mayi uja ankatumiza mawu olimbikitsa m'mawa uliwonse. Ndinenso yemweyo amene ana asukulu anamupeza atagona m'ngalande pa Uliwa dzuwa lili paliwombo, chitenje chili kwina. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti wina amene wabwera muno ndi fungo la mowa wa dzulo m'kamwa asaganize kuti akumvera munthu woyera.

Zolembazi ndinaziyambira pa bolodi. Ndisanayambe masamu ndinkalemba kachiganizo kamodzi pakona ya kumwamba, kuti ana akatopa ndi manambala azikweza maso. Poyamba ndinkatola mawu a eni ake, pa kalendala, kumbuyo kwa minibasi, pa chitenje cha mayi amene wakhala patsogolo panga m'tchalitchi. Ndinali ndi njala ya mawu otero. Ndikapeza abwino ndinkayenda nawo m'kamwa tsiku lonse ngati switi. Kenako ndinayamba kupeka anga. Mphunzitsi mnzanga anawajambula n'kutumiza ku gulu la aphunzitsi la pa foni, gulu lija n'kupatsira magulu ena, mpaka wailesi ya m'dera lathu lino inayamba kumawawerenga anthu akupita kumunda. Ndikachedwa, foni inkalira: "Madamu, lero mawu ali kuti?"

Zinkandikomera, sindibisa. Ndipo sindinkanama. Ndinkakhulupirira zonse zimene ndinkalemba, monga munthu amene sanakumanepo ndi mtsinje wodzaza amakhulupirira kuti amatha kusambira.

Bambo a kunyumba, a Msiska, anali ku Joni. Ine ndinkakhala ndi ana athu awiri aakazi: Wezi wa fomu 2, ndi Tawonga amene anali mu sitandade 2.

Wezi anagundidwa ndi lole pamsewu waukulu, ali pa kabaza, akuchokera kusukulu. Wakabazayo anapulumuka. Ine anadzandiitana m'kalasi choko chili m'manja. Nditafika, mwana wangayo anali atamufunditsa kale chitenje cha mayi wina wogulitsa tomato. Ndinayang'ana mapazi ake, ndinaona kuti sokosi yang'ambika pachidendene, ndipo chimene chinabwera m'mutu mwanga n'chakuti: sokosi iyi ikufunika kusoka. Basi. Panalibenso china.

Maliro anakachitikira kwawo kwa bambo ake ku Ngara. Amayi ankalira mpaka kugubuduka pansi. Ine ndinangokhala tsonga pamphasa, maso ali gwa. Ndinayesetsa, abale anga. Ndinkafinya nkhope, ndinkadzikumbutsa mmene ndinamubadwitsira, mmene ankasekera atatseka pakamwa ndi dzanja. Zinali ngati ndikutunga m'chitsime chouma, chidebe chikungogunda pansi.

Kumanda, mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi anatulutsa foni yake. Anali ndi mtima wabwino mayi ameneyu. Anati, "Madamu, mwatitonthoza nthawi yaitali. Lero tikutonthozeni ndi mawu anu omwe." Ndipo anawerenga mokweza: "Misozi ndi mvula ya mtima, pomwe yagwa, china chake chimamera."

Anthu anavomera kuti amen. Ine mawuwo ndinawamva ngati mphunzitsi akuitana mayina a kalasi ina. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona m'chiyankhulo chathu, "Mwawona? Wakulira yayi," kutanthauza kuti mwaona, sakulira. Inu a kuno mukudziwa zimene anthu amaganiza akaona mayi wosalira pa maliro a mwana wake. Palibe ananena poyera. Koma amayi ena anayamba kukoka ana awo ndikamadutsa.

A Msiska anabwerera ku Joni maliro atatha. Tsiku lina pa foni anandifunsa kuti, "Kodi iwe, mtima uli nawo?" Ndinayankha kuti, "Kaya." Sindinkawanyoza, ndinkanena zoona. Kuyambira pamenepo mafoni awo anayamba kutalikirana.

Uku mauthenga anali mbwee. Aliyense ankanditumizira mawu olimbikitsa, ndipo ambiri anali anga omwe, atawakongoletsa ndi maluwa ndi nkhunda. Limba mtima. Dzuwa lidzatulukanso. Ndinkawerenga ngati malangizo a pa paketi ya sopo. Ndinayesa kamodzi kulemba atsopano. Ndinagwira cholembera mpaka tiyi kuzizira, pepala lili mbee. Ndinazimitsa foni n'kuiponya m'sutikesi.

Anthu amati munthu amamwa kuti aiwale ululu. Ine ululu ndinalibe. Ndinamwa pofuna kumva kanthu kena kalikonse. Mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa msika wa Uliwa anandipatsa pang'ono, akuti kandithandize tulo. Kanandiwotcha pakhosi mpaka m'mimba. Kuchokera tsiku la lole lija, chimenecho chinali chinthu choyamba kuchimva m'thupi mwanga. Mawa lake ndinabwererako ndekha.

Zotsatira zake zinathamanga. Kachasu ndinkathira m'botolo la madzi akumwa, n'kuika m'chikwama pakati pa makope a ana. Ahedi anandiitana, ndinavomera zonse, ndinatuluka n'kukamwa. Tsiku lina ndinagona pa desiki ana akuyang'ana, ndipo anandiuza kuti ndikakhale kaye kunyumba. Za m'ngalande ndanena kale. Ana amene ankakopera mawu anga pa bolodi ndi omwe anandifunditsa n'kukaitana akuluakulu. Manyazi sindinamve.

Choipitsitsa ndi ichi. M'mawa wina ndili gone, Tawonga anaona kuti njala yamukwana, anakoleza moto yekha kuti aphike phala. Poto anapendama, phala linamukhuthukira pa mkono. Anamutengera kuchipatala ndi aneba. Ine ndinadzuka zonse zitatha.

Mkulu wawo wa amuna anga, alamu anga a NyaMsiska, anabwera kuchokera ku Ngara. Sanakhale n'komwe pansi. Anati, "Mulamu, mwana uyu ngwithu. Tikumutora." Kunena kuti mwanayu ndi wathu, tikumutenga. Mwa mwambo wathu analibe mlandu. Tawonga anaima pakhomo, mkono uli m'bandeji, akundiyang'ana. Ankadikira kuti ndikane, kapena ndilire, kapena ndimugwire. Ine ndinalowa kuchipinda, ndinamupindira yunifolomu yake bwinobwino, ndinaika m'jumbo, n'kupereka kwa alamu. Atapita ndinatseka chitseko chifukwa kunkalowa fumbi.

Pamenepo ndiye pansi penipeni. Ngati muno muli wina amene anachitapo chinthu chotero ali phee, osamva kalikonse, dziwani kuti simuli nokha.

Tsopano ndifike pomwe zinatembenukira, ndipo ndikuchenjezeni, sipanagwe mphezi.

Inali nyengo yotentha, ija phula la pamsewu limafewa. Ndinalawirira ku Uliwa, koma mayi wa kachasu uja ndinapeza wapita kumaliro, pakhomo pali loko. Manja ankanjenjemera, miyendo inakana kubwerera. Ndinakakhala pakhonde la golosale ina kuti ndidikire. Mwini wake anali Abiti Saidi, mayi wachisilamu wa ku Mangochi, wogulitsa mpunga, sopo ndi zitenje. Ndinkangomudziwa pogula mchere. Anali akusesa.

"Aphunzitsi, kwezani miyendo ndisese," anatero.

Ndinakweza. Anasesa pansi pa miyendo yanga, anamaliza khonde lonse, analowa m'kati. Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa, poti anthu anali atayamba kutero. Koma anatuluka ndi kapu ya tiyi.

"Imwani. Mkaka mulibe, koma shuga ndathira wambiri."

Kapu inkagwedera m'manja mwanga, tiyi n'kumatayikira pa siketi. Iye anayang'ana kumsewu ngati sakuona. Kenako anakhala pa thumba la mpunga.

"Ine ndimakudziwani. Ndinu a mawu aja a pa wailesi."

"Ndinali," ndinatero.

"Amuna anga anamwalirira konkuno," anapitiriza, ngati sanandimve. "Ife timaika tsiku lomwelo. Abale anga pofika kuchokera ku Mangochi, manda anali atauma kale. Anakhala pang'ono, anabwerera. Nthawi ya kulira itatha ndinayenera kutsegula golosale ino, koma thupi linakana. Ndinkangogona pamkeka, kuyang'ana malata. Wailesi inkalira yokha pomwe anaisiya amuna angawo. Ndiye m'mawa wina akuti, mawu a lero ochokera kwa Madamu a ku Vinthukutu: Usadikire kuti mtima ufune. Sesa pakhomo, mtima ukupeza uli pa ntchito."

Anaseka pang'ono. "Ndinaitukwana wailesiyo. Ndinati wolemba zimenezi sanaikepo munthu wake m'manda. Koma tsache linali pafupi, ndiye ndinalitenga, mwina pofuna kutsimikiza kuti n'zabodza."

"Ndiye mtima unakupezani?" ndinafunsa.

"Unachedwa. Mwinanso sunafike wonse. Koma golosale ndi iyi, yotsegula."

Ndinamaliza tiyi uja. Kenako ndinati, "Abiti, mawu amenewo sindikuwakumbukira n'komwe. Mwina ndinalemba ndikudikira madzi kuti awire. Munanena zoona, ndinali ndisanaikepo munthu. Zinali zongokometsa pakamwa."

"Zilibe kanthu," anatero. "Telala amene anasoka diresi langa sankadziwa kuti ndidzalivala pa maliro. Koma linandikwana."

Kunabwera munthu wogula sopo, anamuthandiza, anabwerera pa thumba paja.

"Ndinamva kuti simunalire. Inenso ankati ndalira pang'ono. Munthu aliyense ali ndi sikelo yoyezera misozi ya mnzake. Asiyeni." Anatenga kapu m'manja mwanga. "Mawa mubwere m'mawa, musanapite uko mumapitako. Ndili ndi mpunga wofuna kupeta, msana wanga wakana."

Ndikanakonda kukuuzani kuti pamenepo ndinagwa pansi n'kulira, moyo n'kusintha. Ayi. Sindinamve kanthu. Mayi wa kachasu atabwerako masana, ndinapita, ndinamwa monga mwa masiku onse.

Koma m'mawa mwake nditatsegula chitseko ndinaona pabwalo panga. Masamba a mango anali atadzaza mpaka pakhonde, mabotolo ali mbwerekete, udzu utamera pomwe ana ankasewerera fulaye. Mtima sunafune chilichonse. Ndinatenga tsache. Ndinasesa kachigawo kakang'ono, kuchokera pakhomo kufika pa mtengo, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinasanza. Nditatha ndinasamba n'kupita kwa Abiti kukapeta mpunga.

Kubwerera kwanga kunayamba choncho, ndi manja, mtima kulibe.

M'mawa uliwonse ndinkasesa, kenako kwa Abiti. Sankandilalikira. Iye ndi wa ku mzikiti, ine wa ku tchalitchi, ndipo za Mulungu tinkangozitchula potsanzikana. Ankandipatsa lichero, ine n'kumapeta, iye n'kumakamba za mitengo ya zinthu ndi za ana ake. Nthawi imene ndinkakhala pamenepo inali nthawi imene sindinali kuseri kwa msika. Poyamba ndinkangochedwetsa kumwa. Kenako ndinayamba kubwerera kunyumba podzera njira ya kuminda, yaitali, yosadutsa pakhomo pa mayi uja.

Kunjenjemera kutakula, Abiti anatseka golosale n'kundiperekeza kuchipatala. Ichi ndichinene momveka: ngati mowa wafika poti manja amanjenjemera mukapanda kumwa, musalimbane nazo nokha m'nyumba. Adokotala anandiuza kuti kusiya mwadzidzidzi popanda thandizo kungathe kumugwetsa munthu. Anandipatsa mankhwala, anandiuza masiku obwererako, ndipo anali munthu woyamba kundiuza kuti kusamva kanthu pambuyo pa imfa yadzidzidzi n'chinthu chimene amachiona kwa anthu ambiri. Si ufiti, si kuuma mtima. Ndinafunsa kuti kumatha liti. Anati sakudziwa.

Ndinagwanso, musaganize kuti ayi. Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, anzake a Wezi anadutsa pakhomo panga akuthamanga, akululuta. Ndinavala nsapato n'kupita kuseri kwa msika. M'mawa mwake ndinafika kwa Abiti fungo lili thoo. Anandiyang'ana, anandipatsa lichero, anati, "Wa lero uli ndi miyala yambiri, musamale." Ndinaphunzira kuti ukagwa, usadikire Lolemba kapena mwezi watsopano. Ubwerere m'mawa womwewo pomwe unasiyira.

Pang'onopang'ono maso anga anayambanso kuwerenga mawu a m'njira, aja ndinkawakonda kale. Koma tsopano ndinkawamva mosiyana. Ena amalamula mtima: sangalala, iwala, limba. Amenewo kwa munthu ngati ine anali ngati kuuza wosamva kuti amvetsere. Ena amapatsa manja ndi miyendo chochita, ndipo amenewo ndinkatha kuwatsatira ngakhale m'kati muli zii. Chitsanzo: kuyambira imfa ya Wezi sindinkakwera kabaza, ngakhale kuiyang'ana. Tsiku lopita kukapepesa kwa ahedi, mvula inali itagwa, nthawi itanditha. Panaima kabaza, ndipo pa kachikopa ka kumbuyo mwini wake analembapo ndi penti kuti, "Chitunda sichitha n'kuchiyang'ana." Sindikudziwa ngati anapeka yekha. Ndinakwera, ndinatseka maso njira yonse, ndinafika.

Ahedi anandimvera. Nkhani inapita ku maofesi, inatenga nthawi, ndipo anandibwezera pa ntchito, kalasi ya ana aang'ono, wina akundiyang'anira. Makolo ena anachotsa ana awo m'kalasi mwanga. Sindinawadandaule.

Chotsala chinali Tawonga. Ndinapita ku Ngara ndekha. Alamu a NyaMsiska anandigwira dzanja popereka moni, osalisiya, nkhope yawo pafupi ndi yanga. Ndinadziwa kuti akununkhiza. Tawonga anabwera, anagwada patali ngati akulonjera mlendo, chipsera chili pa mkono. "Monile, amama," anatero chapansipansi, n'kubwerera kuseri kwa nyumba.

Ndinanena chimene ndinabwerera. Alamu anati, "Atitsimikizire ndani kuti simudzamuotchanso?"

Kale ndikanayankha ndi chiganizo chokoma. Tsiku limenelo ndinati, "Palibe, alamu. Ngakhale ine sindingalumbire. Chimene ndinganene n'chakuti lero sindinamwe, ndipo mawa m'mawa mukandifuna mundipeza m'kalasi. Muzibwera tsiku lililonse limene mwafuna, osandiuza."

Anati ndipite, aganize. Ndipo ankabweradi, mwadzidzidzi, nthawi zina kusukulu, nthawi zina kunyumba, n'kumatsegula ngakhale mapoto. Sindinakwiye, anali ndi chifukwa. Teremu yatsopano itayandikira, anafika okha ndi mwana ndi kachikwama kake. Anati, "Tiyese." Mawu amenewo okha.

Tawonga ndili naye. Masiku oyamba ankabisa machesi pansi pa pilo wake, ndipo ndikamwa madzi ankabwera kudzanunkhiza kapu. Ndinkamulola. Pano anasiya. Za a Msiska musandifunse, banja limenelo silinafe, silinakhalenso moyo. Ndipo za mtima wanga, ndinene monga ananenera Abiti: ukubwera mochedwa. Pali masiku amene ndimamva kukoma kwa chinangwa chootcha, kapena kuseka ndi ana m'kalasi mpaka kudabwa kuti wasekayo ndine. Pali masiku ambiri amene ndimangoyenda. Masiku onsewo ndimadzuka, ndimaphika, ndimapita ku ntchito.

Foni ija ndinaitulutsa m'sutikesi. Ndinayambanso kulemba, koma osati tsiku lililonse, ndipo mawu ake ndi ochepa. Ndisanatumize ndimadzifunsa ngati munthu wogona pamkeka, woyang'ana malata, angathe kuchitapo kanthu ndi mawu amenewa asanamve bwino. Ngati sangathe, ndimafufuta. Ndinasiya kulonjeza anthu kuti mawa kuwala, chifukwa sindikudziwa. Koma sindinyozanso aja ndinalemba ndisanadziwe kanthu. Mawu ukawatulutsa si akonso. Amakafika kwa munthu amene sunamuganizire, pa tsiku limene sunalidziwe, ndipo tsiku lina angathe kukupeza iwe mwini pakhonde la golosale.

Inu amene mwakhala kumbuyoko, amene mwamva zonsezi koma m'kati muli phee, sindikuuzani kuti mumve kanthu. Mupeze munthu mmodzi amene mungamafike kwa iye m'mawa, ngakhale wosakhala wa mpingo wanu kapena mtundu wanu. Mupeze ntchito imodzi yaing'ono ya manja. Mupite kuchipatala. Zinazo zidzabwera pa nthawi yake, kapena zidzabwera theka, ndipo theka limenelo munthu amakhala nalo moyo.

Lero m'mawa, ndikukonzeka kubwera kuno, foni inalira. Anali mmodzi wa pa gulu lija: "Madamu, mawu a lero?" Ndinaganiza, ndinapeza kuti ndilibe. Ndiye ndinalemba kuti, "Lero mawu palibe. Ndadzuka basi."

Ndisanafike pa siteji ya minibasi, wina anayankha kuti, "Inenso." Kenako wina. Kenako wina wa ku Ngara amene sindimudziwa n'komwe. Pofika pakhomo la chipinda chino anali akubwerabe, ndipo ndinachita kuzimitsa foni kuti ndiyankhule nanu.

Zanga ndi zimenezo. Yewo chomene.